Kodi madzi amayenda bwanji m'miyala ya pansi pa nyanja yaikulu?

Funso: Ndine mphunzitsi wa Geography kusekondale. Tsiku lina ndinaonetsa ana kanema wa utsi wakuda ukufuka pansi pa nyanja ya mchere, wofotokoza akunena kuti ndi madzi otentha. Mtsikana wina wa Folomu 3 anandifunsa kuti madziwo amachokera kuti, ngati pansi pa nyanja palinso mitsinje, komanso kuti ngati madzi amalowa m'miyala n'chifukwa chiyani nyanja siiphwa. Ndinamulonjeza kuti ndifufuza. Chonde ndithandizeni.

Yankho: Aphunzitsi, mwachita bwino kusaliponya kunkhongo funso la mwanayo, pakuti ndi funso lomwe linazunguza mitu ya akatswiri zaka zambiri. Loti mukamuuze mawa ndi ili: madzi otenthawo ndi a m'nyanja momwemo. Amalowa pansi ali ozizira, kudutsa m'ming'alu ya miyala, kutenthedwa, n'kukatulukira kwina. Mitsinje kulibe kumeneko. Chilipo ndi miyala yong'ambikang'ambika yomwe idakhuta kale madzi, moti ena akalowa mbali ino, ena amatuluka mbali ina. Koma mwana wofunsa motere sangakhutire ndi zokhazi, ndiye tiyeni tilowe mkati mwa nkhaniyi.

Tiyambe ndi mwalawo. Pansi pa nyanja zikuluzikulu pali mtandadza wa mapiri wotalika makilomita pafupifupi 65,000, wozungulira dziko lonse. Umadutsa pakati pa Atlantic, kukhota kumwera kwa Africa, kulowa mu Indian Ocean mpaka ku Pacific. Pamsana pa mapiriwa nthaka ya pansi pa nyanja ikupatukana, ku Atlantic masentimita 2 mpaka 5 pa chaka, kum'mawa kwa Pacific mpaka masentimita 15. Ikapatukana, chiphalaphala chamoto chimakwera n'kuuma, kupanga mwala wakuda wotchedwa basalt. Chiphalaphalacho chimatuluka chili pa madigiri pafupifupi 1,200, n'kukumana ndi madzi a madigiri 2. Kunja kwake kumauma nthawi yomweyo kukhala khungu lonyezimira la galasi, mkati mukadali moto, kenaka khungulo limaphulika n'kutulutsa chibulunga china, nachonso n'kuuma. Mapeto ake pamakhala mulu wa miyala yobulungira yosanjikizana, uliwonse waukulu wake pafupifupi mita imodzi, wong'ambika kuchokera pakati kupita kunja chifukwa chouma mothamanga. Pakati pa chibulunga ndi chinzake pamatsala mipata ndi zidutswa. Onjezanipo ming'alu ikuluikulu yobwera ndi zivomerezi pamene nthaka ikukokedwa mbali ziwiri. Mamita mazana angapo a pamwamba pa mwalawu ndi otseguka kwambiri, ndipo madzi amalowamo mosavuta. Kutsika pansi kuli miyala yoimirira yothinana, pansi pakenso mwala wolimba wa gabbro, zonse pamodzi makilomita 6 kapena 7.

Ana anu akudziwa kale madzi a mtundu umenewu. Mijigo yambiri ya kumtunda kuno ku Malawi sikoka madzi mu mtsinje wa pansi pa nthaka ayi, imakoka m'mwala wofumbutuka ndi m'ming'alu. N'chifukwa chake oboola amatha kupeza madzi ambiri pano, kusuntha pang'ono n'kupeza pouma. Pansi pa nyanja napo ndi chimodzimodzi: madzi ali paliponse m'mwala, koma oyenda amatsata ming'alu yochepa yolumikizana.

Chomwe chimandisangalatsa m'mbiri ya nkhaniyi n'chakuti anthu anadziwa za madziwa asanawaone. M'zaka za m'ma 1960 akatswiri ankazika zipangizo zoyezera kutentha m'matope a pansi pa nyanja. Masamu ankanena kuti mwala watsopano, woti wangouma kumene, uyenera kutulutsa kutentha kochuluka ndithu. Akayeza pafupi ndi msana wa mapiri aja ankapeza kochepa, ndipo manambala ankasiyana kwambiri pamalo oyandikana. Kutentha kwina kunkasowa. Clive Lister wa ku University of Washington analemba mu 1972 kuti wakuba kutenthako ndi madzi oyenda m'miyala, ndipo kuti payenera kukhala akasupe otentha pansi pa nyanja. Mu February 1977 kasitima kapansi pa madzi kotchedwa Alvin, ka bungwe la Woods Hole Oceanographic Institution, kanatsika mamita pafupifupi 2,500 pafupi ndi zilumba za Galápagos, mkati muli Jack Corliss ndi Tjeerd van Andel. Anapeza madzi ofunda akutuluka m'ming'alu, atazunguliridwa ndi nkhono zikuluzikulu ndi nkhanu. Pa ulendowo panalibe katswiri wa zamoyo ndi mmodzi yemwe, chifukwa palibe ankayembekeza moyo wochuluka chotero kumdima kuja. Utsi wakuda wa mu kanema wanu unaoneka koyamba mu 1979, pamapiri a East Pacific Rise kufupi ndi Mexico, ndipo chipangizo choyamba choyezera kutentha chomwe anachilowetsa pamenepo chinasungunuka.

Tsopano titsate madziwo paulendo wawo, chifukwa apa ndi pomwe pagona yankho. Amalowa ali ozizira, ali ndi mpweya wa okosijeni, ali ndi mchere wonse wa m'nyanja. Akamatsika amayamba kutentha ndipo amayamba kusinthana zinthu ndi mwala. Mchere wa magnesium umachoka m'madzi n'kulowa m'mwala, kusandutsa mbali ya basalt kukhala dongo lobiriwira. Akafika madigiri pafupifupi 150, mchere wina woyera wotchedwa anhydrite umauma n'kutsalira m'ming'alu. Mcherewu ndi wodabwitsa chifukwa umasungunuka m'madzi ozizira koma umauma m'madzi otentha. Okosijeni amatha. Madzi amasanduka asidi. Pamalo monga East Pacific Rise, chiphalaphala chili kilomita imodzi kapena awiri okha pansi pa nthaka, ndipo madzi amafika pafupi nacho osachikhudza. Pamenepo amakhala pa madigiri 350 mpaka 400, ndipo madzi a asidi otentha chonchi amasungunula chitsulo, mkuwa ndi zinki m'mwala, n'kutenganso sulufule yomwe imawapatsa fungo la mazira owola.

Mwana wochenjera afunsa pompo kuti madzi a madigiri 350 alephera bwanji kuwira. Yankho ndi kulemera kwa nyanja. Pa mamita 2,500 madzi amapsinjidwa kuwirikiza ka 250 poyerekeza ndi mpweya womwe ukutipsinja ife pano, ndipo akapsinjidwa motero sawira mpaka atapitirira madigiri 380. Koma ngakhale asawire, amapepuka. Lita imodzi ya madzi a madigiri 350 imalemera pafupifupi magawo awiri mwa atatu a lita ya madzi ozizira. Ozizira olemera aja amakankha kuchokera m'mbali, otentha opepuka n'kukwera mothamanga m'mng'alu uliwonse womwe aupeze. Palibe pampu, kutentha kokha ndiko kukuyendetsa zonse. Akatulukira m'nyanja yozizira, zitsulo zosungunuka zija zimagwirana ndi sulufule n'kuuma nthawi yomweyo kukhala fumbi lakuda. Utsi uja ndi fumbi limeneli. Lina limamatirira pakamwa pa kasupe n'kumanga chumuni, yomwe imayamba ndi khoma loyera la anhydrite kenaka mkati mwake n'kukutidwa ndi miyala ya mkuwa yonyezimira mwachikasu. Pa mapiri a Juan de Fuca Ridge, kufupi ndi gombe la Canada ndi America, panali chumuni ina yomwe inatalika mamita pafupifupi 45 isanagwe m'zaka za m'ma 1990. Akasupe akuya kwambiri odziwika ali ku Cayman Trough mu nyanja ya Caribbean, pafupifupi mamita 5,000, ndipo anapezeka mu 2010. Mkuwa womwe anthu akhala akukumba pa chilumba cha Cyprus kwa zaka masauzande unaunjikidwa ndi akasupe a mtundu umenewu, nthaka ya pansi pa nyanja yakale isanakankhidwire kumtunda.

Apa ndikupempheni chinthu chimodzi, Aphunzitsi. Musalole kuti phunziro lithere pa utsi wakuda. Makanema amaukonda chifukwa umaoneka bwino, koma madzi odutsa m'akasupe otenthawa ndi ochepa zedi poyerekeza ndi omwe akuyenda mwakachetechete kutali ndi msana wa mapiri, m'mwala wa zaka mamiliyoni, pa madigiri 5, 10, 20 kapena 60. Mu 1994 Carol Stein ndi Seth Stein anasonkhanitsa zoyeza zambirimbiri n'kupeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kutentha konse kotuluka pansi pa nyanja limanyamulidwa ndi madzi, ndipo kochuluka mwa kumeneko kumatuluka m'mwala woposa zaka miliyoni imodzi. Poti madzi ofunda amanyamula kutentha kochepa pa lita iliyonse, pamafunika madzi ankhaninkhani kuti ntchitoyi itheke. Akatswiri amawerengera kuti madzi odutsa m'miyala imeneyi pa chaka ndi ochuluka kwambiri, moti nyanja yonse imadutsamo kamodzi m'zaka masauzande mazana ochepa chabe. Kudzera m'akasupe otentha aja okha, pangatenge zaka mamiliyoni. Kwa ine, iyi ndiye nkhani yeniyeni.

Tinazidziwa bwanji, poti madzi ofunda otuluka pang'onopang'ono saoneka ndi maso? Poboola. Mu 1979 sitima yoboola ya Glomar Challenger inayamba dzenje lotchedwa 504B kum'mawa kwa Pacific, kumwera kwa Costa Rica, pomwe nyanja ndi yakuya mamita pafupifupi 3,460. Inadutsa matope okhuthala mamita pafupifupi 275 n'kufika pa basalt. Atangoboola, dzenjelo linayamba kumeza madzi a m'nyanja, malita masauzande pa ola, ndipo linapitiriza kumeza kwa zaka. Sitima zinabwererako kangapo, mpaka mu 1993 JOIDES Resolution inafikitsa dzenjelo mamita 2,111. Anapeza kuti pafupifupi madzi onse omezedwa ankalowa m'mamita 100 kapena 200 oyambirira a basalt. Kutsika pansi mwala unali wotsekeka kuwirikiza kambirimbiri.

Matope aja ndi ofunika kuwamvetsa. Mwala ukamasuntha kuchoka pamsana pa mapiri, zigoba za tizilombo takufa ndi fumbi zimaugwera pang'onopang'ono, ndipo pafupi ndi makontinenti matope ochokera kumtunda amaukwirira msanga. Matope okhuthala salola madzi kudutsa bwino. Amavindikira mwalawo, kusunga kutentha mkati. Madzi a m'munsi amatsala ndi makomo ochepa: timapiri ta pansi pa nyanja tomwe nsonga zake zatulukira pamwamba pa matope. Chitsanzo chomwe chafufuzidwa kwambiri chili kum'mawa kwa Juan de Fuca Ridge, kufupi ndi gombe la Canada ndi America, m'mwala wa zaka pafupifupi 3.5 miliyoni. Kumeneko kuli kaphiri kakang'ono kotchedwa Baby Bare, kotulukira mamita osafika 100 pamwamba pa matope, ndipo pansonga pake pamatuluka madzi a madigiri pafupifupi 25. Kwa nthawi ndithu funso linali lakuti madziwo amalowera kuti, popeza mbali zonse n'zovindikirika. Mu 2003 Andrew Fisher wa ku University of California, Santa Cruz, ndi anzake anaonetsa kuti amalowera pa phiri lokulirapo lotchedwa Grizzly Bare, makilomita 52 kumwera. Pozungulira Grizzly Bare matope ndi ozizira kuposa momwe akanayenera kukhalira, pozungulira Baby Bare ndi ofunda. Pakati pa mapiri awiriwa madzi amayenda pansi pa matope, kutenthedwa kufika madigiri opitirira 60, n'kutaya pafupifupi magnesium yense.

Ngati ana anu anaonapo balani yochizira fodya wa fuluu, afotokozereni ndi imeneyo. Mpweya wozizira umalowera kung'anjo, umatenthedwa m'mapaipi, n'kutulukira kuchumuni, ndipo malinga moto ulipo, umadzikoka wokha popanda wokupiza. Grizzly Bare ndi khomo la ng'anjo, Baby Bare ndi chumuni. Phiri lalikulu limakonda kukhala lolowera chifukwa n'lovuta kulitenthetsa lonse. Laling'ono limafunda msanga n'kukhala lotulukira.

Vuto la kuboola n'lakuti dzenje lenilenilo limasokoneza zomwe ukufuna kuyeza, monga zinachitikira ku 504B. Choncho kuyambira mu 1991 Earl Davis, Keir Becker ndi anzawo anayamba kutseka maenje ndi chipangizo chotchedwa CORK, n'kusiya mkati zoyezera kutentha, zoyezera mphamvu yopsinja, ndi timachubu tokoka madzi pang'onopang'ono kwa zaka. Zoyezerazo zimaonetsa madzi a m'mwala akumva kukwera ndi kutsika kwa nyanja tsiku lililonse, komanso akudzidzimuka chivomerezi chikachitika kutali. Mu 2010, pafupi ndi Baby Bare pomwepo, anathira mankhwala ozindikiritsa m'dzenje limodzi n'kudikira kuti aonekere m'maenje ena. Anaonekeradi, ndipo zinasonyeza kuti madzi amayenda mamita ochepa pa tsiku, kudzera m'kagawo kakang'ono kwambiri ka mwalawo. Mamita ochepa pa tsiku angamveke ngati ulesi, koma kwa madzi a m'mwala limeneli ndi liwiro lalikulu.

Pali zamoyo zomwe zinawapeza akasupe ofundawa ife tisanawapeze. Mu 2018, m'munsi mwa Davidson Seamount kufupi ndi California, pa mamita pafupifupi 3,200, ofufuza anapeza nyama za m'nyanja za miyendo isanu ndi itatu zotchedwa octopus masauzande zitakhala m'ming'alu, zazikazi zitatembenuza miyendo kufungatira mazira. Phirilo lidazima kalekale, koma m'ming'alumo mumatuluka madzi ofika madigiri pafupifupi 11 pomwe nyanja yozungulira siifika 2. Akatswiri a ku Monterey Bay Aquarium Research Institute anapeza kuti mazirawo amaswa zisanathe zaka ziwiri, pomwe m'madzi ozizira akanatenga zaka zisanu kapena kuposa. M'kati mwa mwalamo namonso muli mabakiteriya omwe amadya chitsulo, sulufule ndi hydrogen. Kufupi ndi kwathu kuno, mu Indian Ocean kum'mawa kwa Madagascar, kuli akasupe otentha a Kairei omwe ofufuza a ku Japan anawapeza mu 2000. Kumeneko kumakhala nkhono yomwe phazi lake lili ndi mamba okutidwa ndi chitsulo ndi sulufule. Mu 2019 bungwe loteteza zachilengedwe la IUCN linaiika m'gulu la zamoyo zomwe zili pachiopsezo chotha, chifukwa cha mapulani okumba zitsulo pansi pa nyanja. Ine ndimaona kuti kuthamangira kukumba malo omwe sitinamalize n'komwe kutsata njira za madzi ake ndi kulakwa kwakukulu, pakuti wokumba pano akhoza kuumitsa kasupe wa kutali.

Si akasupe onse amadalira chiphalaphala. Mu December 2000, pakati pa Atlantic, gulu lomwe munali Deborah Kelley linapeza malo otchedwa Lost City, makilomita pafupifupi 15 kuchokera pamsana pa mapiri. Kumeneko mwala wa pansi kwambiri, wokhala ndi timiyala tobiriwira tambiri totchedwa olivine, unakokedwera pamwamba. Madzi akakumana nawo amausandutsa mwala wa serpentine, ndipo kusinthako kumatulutsa kutentha, hydrogen ndi methane. Machumuni ake ndi oyera, a laimu, yaitali kwambiri imafika mamita 60, ndipo madzi ake satentha kwambiri ngati a utsi wakuda uja.

Ngati sukulu ingakwanitse ulendo, akasupe otentha a ku Chiweta ku Rumphi, a Mawira ku Nkhotakota kapena a ku Liwonde ndi phunziro lomwe ana angalikhudze ndi dzanja. Dziko lathu lili m'chigwa cha Rift Valley, pomwe nthaka ya Africa ikupatukana pang'onopang'ono. Madzi a mvula amalowa kumapiri, kutsika mozama m'ming'alu ikuluikulu ya chigwachi, kutenthedwa ndi mwala wakuya, n'kukwera atapepuka. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno madzi ndi a mvula ndipo kutalika kwa mapiri kumathandiza kuwakankha, pomwe pansi pa nyanja yaikulu madzi ndi a mchere ndipo chowayendetsa ndi kutentha. Ubale wina ndi wa mchere. Shire amanyamula magnesium wosungunuka m'miyala ya kuno, kumupereka kwa Zambezi, Zambezi n'kukamuthira mu Indian Ocean. Mitsinje yonse ya padziko yakhala ikuchita zimenezi kuyambira kalekale, ndipo imodzi mwa njira zazikulu zomwe nyanja imachotsera magnesium ameneyu ndi kudutsa m'miyala ya pansi pake.

Kuyendaku sikukhala mpaka muyaya pamalo amodzi. Mukatenga chidutswa cha basalt wakale chomwe chatulutsidwa ndi sitima yoboola, chozungulira, chonenepa masentimita pafupifupi 6, mudzaona mizere yoyera, yobiriwira ndi yofiira ikudutsana m'mwala wakudawo. Mzere uliwonse udali mng'alu. Woyera ndi laimu, yemwe watsekera mkati mpweya wa carbon dioxide wochokera m'nyanja. Wobiriwira ndi dongo. Wofiira ndi dzimbiri la pomwe panadutsa madzi okhala ndi okosijeni, ndipo nthawi zambiri dzimbirilo limalowerera masentimita angapo mbali zonse za mng'aluwo. Madzi amatseka okha njira zawo. Matope nawo amanka nakhuthala mpaka kukwirira timapiri tomwe tinali makomo, mwala n'kumazizirabe. Stein ndi Stein anapeza kuti mwala ukafika zaka pafupifupi 65 miliyoni, kutentha kosowa kuja sikuonekanso m'zoyeza, kusonyeza kuti madzi asiya kunyamula kutentha kochuluka kupita m'nyanja, ngakhale kuti malo ena amapitirizabe.

Pa funso la kuphwa lija pali kachigawo kamodzi koti muwonjezere kwa mwanayo. Madzi ena sabwerera msanga, amamangika mkati mwa dongo ndi serpentine n'kukhala mbali ya mwalawo. Nthaka ya pansi pa nyanja siikhalitsa ngati ya kumtunda. Yakale kwambiri ku Pacific ili ndi zaka pafupifupi 180 miliyoni. Ikafika kumaenje akuya a m'mphepete mwa Japan, Indonesia ndi South America imapindika n'kumira pansi pa inzake, ndipo popindikapo imang'ambikanso n'kumwa madzi ena. Ikamatsika, kutentha ndi kupsinjika zimafinya madziwo, ndipo pa makilomita pafupifupi 100 madzi otulukawo amachititsa kuti mwala wotentha wa pamwamba pake usungunuke msanga. Chiphalaphala chimenecho ndicho chimadyetsa mapiri ophulika monga Merapi ku Indonesia, Sakurajima ku Japan ndi a ku Andes. Mpweya wochuluka kwambiri womwe mapiriwa amatulutsa ndi nthunzi, ndipo gawo lalikulu la nthunziyo ndi madzi a m'nyanja omwe adalowa m'mwala zaka mamiliyoni zapitazo.